Umboni wa Trudy ndi Mafoni a Arlene

"Watsala ndi mayina angati, Bev?" anafunsa Arlene Brockhaus, foni ili kukhutu, chala chili pa mndandanda.

"Makumi atatu. Koma theka la amenewa ndikuganiza kuti anamwalira chaka chatha, kungoti sanatsanzike," anayankha Bev Lindqvist uku akudzidulira keke ya maapozi kachiwiri.

"Amene uwapeze amoyo uwauze kuti keke wamaliza ndiwe," anatero mayi wina, onse n'kuseka.

Linali Lachitatu masana. Amayi asanu ndi anayi anali m'chipinda cha kuseri kwa sitolo ya Vernon, mwamuna wa Arlene, amene ankagulitsa zipangizo za mathirakitala. Kunali kutatsala milungu isanu kuti kuchitike chisankho. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, Arlene ndiye ankatsogolera amayi a ku Alder Creek poimbira anthu mafoni kuti avotere a Dale Ostrander, phungu wa dera lawo ku nyumba ya malamulo ya chigawo. Pa mndandanda wake panali amayi oposa mazana anayi. Ambiri ankapemphera nawo limodzi, ena anawaphikirapo pa maliro, ena anawazondapo kuchipatala. Akaimba sankawerenga pepala la chipani. Ankayamba wafunsa za bondo la munthu kapena za mdzukulu, ndipo pomaliza mayiyo ndiye ankafunsa yekha kuti, "Nanga chaka chino tivotere ndani, Arlene?"

Chaka chimenecho nkhani inali ya woweruza basi. Bwanamkubwa wa chigawo anali atasankha a Ross Hallgren kuti akakhale m'khoti lalikulu la chigawocho, koma aphungu ankayenera kuvomereza kaye. Zipani ziwiri zinali zitagwirana pakhosi. Mu komiti yofunsa mafunso munali aphungu khumi ndi atatu, ndipo aliyense ankadziwa kuti voti ya a Ostrander ndiyo idzadule mlandu. Kutchalitchi kwa Arlene ankawapempherera a Hallgren Lamulungu lililonse, chifukwa ankadziwika kuti sagwirizana ndi kuchotsa mimba. Arlene ankavomera "Ameni" ndi mtima wake wonse. Pa nkhani imeneyi sanagwedezekepo kuyambira ali mtsikana.

Bev anasiya kutafuna. Ankayang'ana pa foni yake ya m'manja.

"Atulutsa mayina a mboni za Lachiwiri," anatero. "Amene akukatsutsa a Hallgren."

"Anthu omwewo a kumzinda," anatero Arlene osatukula mutu.

"Si onse." Bev anakankhira foniyo patsogolo pake. "Pokhapokha ngati kuli Trudy Mahaffey wina amene ine sindimudziwa."

Trudy anali mng'ono wake wa Arlene, wobadwa naye mimba imodzi. Arlene anawerenga dzinalo kawiri. Kenako anaika foni pansi, n'kutenga makiyi a galimoto.

"Pitirizani," anatero. "Ndibwera."

Trudy ankagwira ntchito yochapa zovala kunyumba yosungirako okalamba, kumapeto kwa tauni. Arlene anamupeza akupinda nsalu zoyala pabedi, makina akulira kumbuyo kwake.

"Bwanji sunandiuze?"

Trudy anatembenuza mutu kuti khutu lamanja liloze kwa mkulu wake. Lamanzere linali logontha.

"Mwati chiyani?"

"Ndati bwanji sunandiuze? Ndikamvere kwa Bev, pamaso pa amayi onse aja?"

"Ndikanakuuzani mukanati chiyani, achemwali?"

Nkhaniyo onse ankaidziwa, ngakhale sanaikambepo kwa zaka zambiri. Kalelo a Hallgren anali woweruza wa milandu ya mabanja m'khoti laling'ono la m'boma lawo. Trudy anapita kukapempha chiletso kuti mwamuna wake, Mick, asamamuyandikire, chifukwa anali atamumenya katatu ndipo ankamuopseza kuti amupha. A Hallgren anamvetsera kwa mphindi zochepa. Kenako anati sakuona umboni wokwanira, ndipo banja si lothetsa chifukwa cha mkangano wa m'khitchini. Anamuuza kuti apite kunyumba, akaphike chakudya chabwino, akakambirane ndi mwamuna wake. Patangopita masiku khumi ndi limodzi, Mick anamuthyola chibwano ndi kumuphulitsa khutu. Mick anakalowa m'ndende, ndipo anamwalira atatulukamo. A Hallgren anapitiriza kukwera pa ntchito.

"Anabwera loya wina wa bungwe la amayi," anatero Trudy akupinda nsalu ina. "Anapeza mlandu wanga m'mafayilo. Ndinamukana kawiri. Kachitatu ndinavomera."

"Akukugwiritsa ntchito anthu amenewo. Sakusamala za iwe. Akungofuna kugwetsa munthu."

"Ndikudziwa. Nanga inu, a Ostrander amakukondani chifukwa cha nkhope?"

"Papita zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, Trudy."

"Mlandu suola. Khutu langali silinamve kuti zaka zapita." Anaika nsaluyo pamulu. "Sindikukupemphani kuti musiye chipani chanu. Sindikukupemphani kuti mugwirizane nane. Koma kulikulu ndi ulendo wa maola atatu, ndipo mukudziwa kuti ndikayendetsa galimoto mtunda wautali ndimachita chizungulire. Mundiperekeze. Mukafuna mukatsale panja."

"Bungwe lakolo lilibe galimoto?"

"Lili nayo. Anati andituma munthu wodzanditenga. Ine ndinati ndili ndi mkulu wanga."

Madzulo amenewo Arlene anaika nyama ndi mbatatesi patebulo, n'kudikira kuti Vernon apemphere. Atati "Ameni" anamuuza.

Vernon sanali munthu wouma mtima. Ndi iye amene anakamutola Trudy pansi m'khitchini tsiku lija, n'kumunyamula mpaka m'galimoto, malaya ake ali magazi okhaokha. Anamvetsera, foloko ili m'manja.

"Mick ndikanamupha ndi manja anga," anatero. "Ukudziwa zimenezo. Ndipo Hallgren analakwa tsiku limenelo, sindikana. Koma woweruza amaweruza milandu zikwizikwi. Ndani sanaphonyepo? Akakhala pampando uja akhalapo zaka makumi awiri. Taganizira ana amene apulumuke. Si zimene takhala tikugwirira ntchito iwe ndi ine?"

"Ndi zomwezo."

"Ndiye ukakhala kumbuyo kwa Trudy, makamera ali pa iwe, anthu adzati chiyani? Adzati ngakhale mkazi wa Brockhaus wamutaya Hallgren. Mapanga awiri avumbwitsa, Arlene."

"Ndikungokamutula. Ndine dalaivala chabe."

"Dalaivala wa amayi mazana anayi," anatero Vernon. Anadya pang'ono, kenako anakankha mbale. "Tenga galimoto yanga. Matayala a yako atha."

Lachiwiri ananyamuka dzuwa litangotuluka. Minda ya chimanga inali itauma mbali zonse za msewu, makina akukolola. Trudy anavala diresi labuluu limene anagulira ukwati wa mwana wake, ndipo njira yonse ankawerenga chamumtima pepala limene analemba. Atafika, Arlene anaimika galimoto n'kuzimitsa injini. Anakhala kaye manja ali pa chiwongolero. Kenako anatenga chikwama chake n'kutsika naye.

Panja pa nyumba ya malamulo panali magulu awiri a anthu, apolisi ali pakati. Mbali zonse ziwiri ambiri anali amayi. Ena ananyamula zikwangwani zoti a Hallgren avomerezedwe, ena zoti akanidwe, ndipo ankakuwizana. Arlene anaona nkhope ziwiri za kutchalitchi china chimene ankachita nacho misonkhano. Anaweramitsa mutu n'kudutsa.

M'chipinda cha komiti munali modzaza. Aphungu anakhala patebulo lalitali, lokwera. A Hallgren anali atayankha kale mafunso dzulo lake, choncho sanalipo. Trudy anapatsidwa mphindi zisanu. Anawerenga pepala lake. Sanatukwane munthu. Ananena tsiku, ananena zimene anapempha, ananena zimene anauzidwa, ndi zimene zinatsatira. Pomaliza anati, "Sindikudziwa malamulo. Ndikungodziwa kuti ndinapita kwa bambo amenewa ndili ndi mantha, ndipo anandibweza."

Aphungu a chipani chotsutsa anamuyamikira motalika. Mmodzi anamutcha ngwazi katatu, koma maso ake anali ku kamera. Arlene ankayang'ana a Ostrander. Nthawi yonse imene Trudy ankayankhula, iwo ankalemba pa foni yawo pansi pa tebulo. Nthawi yawo itakwana anakonza tayi n'kuyandikira chimkuzamawu.

"Mayi Mahaffey, pepani ndi zimene zinakuchitikirani. Koma ndifunse. Mwakhala chete zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, n'kudzatulukira kutatsala mwezi kuti kukhale chisankho. Wakubweretsani kuno ndani?"

A Ostrander anali kumanzere kwa Trudy.

"Pepani, sindinamve," anatero Trudy.

"Ndati, wakubweretsani ndani?" Anabwereza mokweza, akudula mawu limodzilimodzi ngati akuyankhula ndi mwana. Kumbuyo ena anaseka.

Trudy anatembenuza mpando wonse kuti awayang'ane.

"Khutu ili ndi lomwe ndimanena lija, bwana. Silimva." Kusekako kunatha. "Wandibweretsa ndi mkulu wanga. Ndi uyo wakhala apoyo. Mukumudziwa. Ndi amene amakuimbirani mafoni kwathu."

Makamera anatembenuka. A Ostrander anamuona Arlene. Kenako anati alibe funso lina.

Pa nthawi yopuma a Ostrander anamupeza Arlene m'khonde. Anamugwira dzanja ndi manja awiri, monga ankachitira pa chionetsero cha zaulimi chaka chilichonse.

"Arlene, sindinadziwe kuti ndi mng'ono wanu. Dzina ndi losiyana. Musazitengere kumtima, izi ndi ndale. Anthu awa akufuna kuipitsa munthu wabwino, ndipo ine ndiyenera kufunsa."

"Fayilo ya mlandu wake munaiwerenga, a Ostrander?"

"Anyamata a mu ofesi anaiona."

"Ndi masamba anayi okha."

"Ndiiwerenga, ndikulonjeza. Moni kwa Vernon." Anali atayamba kale kuyang'ana munthu wina kumbuyo kwake.

Pobwerera anayenda ola lathunthu. Kenako Arlene anapatuka n'kuima pambali pa msewu, pafupi ndi nkhokwe za kampani ya chimanga.

"Sunayenera kunditchula," anatero.

"Anafunsa. Ndinali nditalumbira kunena zoona."

Arlene anayang'ana kutsogolo. "Pali china chimene sunanene m'pepala lako."

"Chiyani?"

"Utachoka kukhoti tsiku lija unabwera kwathu. Unapempha kuti ugone kwathu masiku angapo. Ine ndinakuuza kuti woweruza wanena zoona, banja ndi kupirira. Ndinakupatsa mphika wa nyemba kuti ukadye ndi Mick, n'kukuperekeza mpaka pagalimoto."

Trudy anatembenuka n'kumuyang'ana.

"Ndimayesa munaiwala."

"Palibe tsiku limene ndinaiwala. Ndinalakwa, Trudy. Ndinakubweza ngati mmene anakubwezera iye."

"Inu simukufuna kukhala m'khoti lalikulu," anatero Trudy. Anatsegula chikwama n'kumupatsa kansalu kopukutira misozi. "Ndipo inu mwanena. A Hallgren dzulo anati sakukumbuka. Tiyeni, ndili ndi njala."

Lachisanu komiti inavota, asanu ndi awiri kuvomereza, asanu ndi mmodzi kukana. A Ostrander anavomereza. Mlungu wotsatira nyumba yonse inavomereza, ndipo a Hallgren analumbira. Kutchalitchi abusa anathokoza Mulungu. Arlene anaweramitsa mutu pamodzi ndi ena onse, koma ulendo uno sanavomere "Ameni".

Nkhaniyo sinathere pomwepo. Amene ankapikisana ndi a Ostrander anali mayi Paula Rieck, mphunzitsi wopuma ntchito, amene poyamba palibe ankamuwerengera. Patangopita masiku atatu, pa TV panayamba kuoneka uthenga wa kampeni yake. Unkaonetsa Trudy akunena kuti, "Khutu ili silimva," kenako a Ostrander akukuwa, kenako chithunzi cha Trudy ali kuchipatala, nkhope itatupa, chibwano chili ndi mawaya. Chithunzicho anachitenga m'fayilo ya khoti. Uthengawo unkabwera pakati pa nkhani, pakati pa mpira, ngakhale pa TV ya m'chipinda chochezera cha okalamba aja.

Arlene anamupeza Trudy atakhala pa masitepe a kuseri kwa ntchito yake, akusuta. Anali atasiya fodya zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo.

"Sanandifunse," anatero Trudy. "Mdzukulu wanga waona chithunzi chija. Wafunsa mayi ake kuti agogo anagundidwa ndi galimoto? Ndinaimba ku ofesi kwawo. Kamtsikana kena kanandiuza kuti chithunzicho n'cha aliyense chifukwa chili m'khoti, ndipo ndinyadire poti ndikuthandiza amayi onse. Nenanitu, achemwali. Nenani kuti munandiuza."

"Sindinena."

"Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Ine sindikavota. Onse ndi amodzi."

"Ukavota," anatero Arlene. "Sunavale diresi labuluu lija n'kukaima pamaso pa anthu onse aja kuti udzakhale pakhomo tsiku la chisankho."

Lachitatu lomaliza chisankho chisanachitike, m'chipinda cha kuseri kwa sitolo munabwera amayi asanu okha. Wina anatumiza uthenga kuti akudwala mutu, wina kuti ali ndi alendo. Awiri sananene chilichonse. Koma Bev anabwera ndi mphamvu zoposa kale, atavala baji ya a Ostrander pachifuwa.

"Ndinene pamaso pako, Arlene, poti sindidziwa miseche," anatero. "Trudy ndimamukonda, ndipo zimene zinamuchitikira n'zoopsa. Koma wamumenya ndi Mick, si Hallgren. Ine ndili ndi ana aamuna atatu. Ngati munthu angagwetsedwe chifukwa cha mphindi khumi za zaka makumi awiri zapitazo, ndani angatsale? Ndipo taona zimene amuchita mng'ono wako pa TV. Amenewo ndiwo oti tiwapatse mpando? Ine chaka chino ndikavota m'mawa kwambiri, ndipo ndikokera ndi apongozi anga omwe."

"Apongozi ako aja amene umati sakudziwa kuti lero ndi lachingati?" anafunsa mayi wina.

"Tsiku saalidziwa, koma chipani amachidziwa."

Anaseka pang'ono, koma kuseka kwake sikunapite patali. Arlene sanatsutse. Zambiri zimene Bev ananena zinali zimene iyenso ankaganiza akamatsuka mbale. Anakhala pampando wake n'kuimba nambala yoyamba.

Anali mayi Opal Dvorak, a zaka makumi asanu ndi atatu kudza zinayi, amene anamuphunzitsa Arlene Sande sukulu. Anakamba za shuga wawo, za denga limene linkadontha, za mphaka amene anathawa n'kubwerera. Kenako mayiwo anatsokomola.

"Ndinakuona pa TV, mwanawe. Unakhala mowongoka ngati mayi ako." Anapuma kaye. "Ine mwamuna wanga woyamba anali ngati Mick. Sindinauzepo munthu. Nthawi imeneyo kukhoti sitinkapitako n'komwe." Anapumanso. "Ndiye tandiuza. Chaka chino tivotere ndani?"

Pepala la chipani linali patsogolo pa Arlene, dzina litalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu. Anali atalitchula kambirimbiri pa foni yomweyo. Anatsegula pakamwa. Bev anali atasiya kuimba, akumuyang'ana.

"Mayi Dvorak," anatero Arlene, "chaka chino sindikuuzani."

"Iwe sukudziwa?"

"Ndikudziwa zimene ndichite ine. Koma inu muone nokha. Mukafuna galimoto Lachiwiri ndidzakutengani, kaya mukavotera ndani."

Ataika foni pansi anasonkhanitsa masamba a mndandanda wake, n'kuwalinganiza bwinobwino patebulo, n'kuwapereka kwa Bev.

"Amene ndalemba nyenyezi amamva movutikira, uziyankhula mokweza. Amene ndadula mzere pansi usawaimbire nthawi ya chakudya."

"Arlene, kwatsala masiku asanu ndi limodzi."

"Ndikudziwa. Uwaimbire ndiwe. Iwe ukukhulupirira zimene uziwauza."

"Wapita kwa Rieck?"

"Ayi. Rieck sindingamuvotere, ukudziwa chifukwa chake. Koma sindingatenge dzina langa n'kukaliika pa munthu amene sanawerenge masamba anayi."

Anatulukira m'sitolo. Vernon anali pa kauntala akuthandiza mlimi wina kusankha lamba wa makina. Anamuona akudutsa wopanda mapepala m'manja, n'kupitiriza kuthandiza mlimiyo.

Masiku otsatirawo foni ya kunyumba inalira kwambiri. Amayi amene anaimbiridwa ndi Bev ankafuna kudziwa ngati Arlene akudwala. Iye ankati ali bwino. Akafunsa za chisankho ankawayankha chimodzimodzi, kuti chaka chino aone okha. Sananyoze a Ostrander kwa munthu aliyense, ndipo sanatchule dzina la Rieck.

Lachiwiri la chisankho anatenga mayi Dvorak, kenako anakatenga Trudy kuntchito pa nthawi ya nkhomaliro. Ankavotera muholo ya ozimitsa moto. Arlene analowa m'kachipinda n'kuchonga bwanamkubwa wa chipani chake, mkulu wa apolisi, a komiti ya sukulu, onse monga mwa nthawi zonse. Atafika pa mzere wa phungu anaima. Mayina awiri anali pamenepo, timabokosi tiwiri tili pambali. Anagwira cholembera mpaka mayi woyang'anira anasuzumira kuti aone ngati zonse zili bwino. Kenako anadumpha mzerewo n'kukaponya pepala lake.

Trudy ankamudikira panja.

"Mwamuvotera?"

"Ayi."

"Winayo?"

"Iyenso ayi. Nanga iwe?"

"Ndavotera wakuba chithunzi uja," anatero Trudy. "Mawa ndimulembera kalata yoti sadzaiwala."

M'mawa mwake Arlene anapeza Vernon ali kale patebulo, khofi atazizira, akuyang'ana zotsatira pa kompyuta. Bwanamkubwa anali atapambana mosavuta. A chipani chawo ena onse m'bomalo anapambananso. A Ostrander okha ndiwo anagwa, ndi mavoti makumi asanu ndi anayi kudza limodzi.

"Taona apa," anatero Vernon, osakweza mawu. "Ku Alder Creek kokha, anthu zana limodzi ndi makumi atatu avotera bwanamkubwa wathu, koma pa phungu sanachonge aliyense. Sizinachitikepo. Ukudziwa chimene wachita?"

"Sindinauze munthu aliyense chochita, Vernon."

"N'chimene ndikunena."

Arlene anakhala pansi moyang'anana naye. Sanamve kukoma kulikonse. Ankadziwa malamulo amene mayi Rieck akavotere, ndipo ena mwa iwo ankadana nawo kuchokera pansi pa mtima. A Hallgren anali m'khoti lalikulu, ndipo chisankhocho sichikanawachotsamo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu za ntchito yake zinali zitathera pa mzere umodzi wosachonga.

"Ukudandaula?" anafunsa Vernon.

"Ndikudandaula."

"Ukanabwerera m'mbuyo ukanachonga?"

Arlene anaganiza kaye, chifukwa mwamuna wake sankafunsa mwachipongwe.

"Ayi."

Vernon anagwedeza mutu pang'onopang'ono n'kutseka kompyuta. Anaimirira, n'kuvala jekete ndi chipewa. Atafika pakhomo anaima.

"Lamulungu kutchalitchi kudzakhala kozizira," anatero. "Ena sadzakupatsa moni."

"Ndikudziwa."

"Tidzalowe limodzi. Tikakhale pabenchi yathu yomwe ija, kutsogolo."

Anatuluka kukatsegula sitolo. Arlene anataya khofi wozizira uja, n'kutereka wina.